Chingwe Choyezera Bedi

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi ana anga awiri ndi bambo awo. Mawondo aja akuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja asupuka pang'ono ndi mankhwala oyeretsera nsalu kuntchito, koma imeneyo si nkhani.

Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri kwa amayi ageni aja oyenda pa basi. Ndaiwerenga katatu. Mukuti Mzime wathu ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo ine mukundiuza lero. Sindikukalipa ayi. Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ndine, ndipo zaka zitatu zimene ndakhala kuno ndiye wakhala akuphikira ana anga ndi kuwachapira. Akalakwa, walakwa wathu yemwe. Koma mwini mimba simunamutchule. Mwangoti ndi munthu wodziwika. Wodziwika kwa yani? Ali pantchito? Wavomera?

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti akukana kuchipatala, akuti achirira pakhomo. Amayi, inu munalipo pamene wanga wachitatu anatisiya. Masiku asanu ndi atatu okha. Palibe anakonzeka, mchombo anadula ndi lezala lomwe bambo ake ankametera ndevu, kenako kafumbata anamuumitsa nsagwada mpaka kulephera kuyamwa. Ine ndili moyo, zimenezo sizidzachitikanso pakhomo pathu.

Mumunyengerere apite ngakhale kusikelo kokha. Akakanitsitsa, ndiye tikonzeke bwinobwino, osati mothamanga tsiku lomwelo. Zofunika zonse ndigula ine kuno pang'onopang'ono. Inu musagule kanthu pamsika, za pamsika zapita m'manja ambiri.

Bambo a ana muwapatse moni. Muwauze kuti yankho la kalata yanga ya Disembala ndikulidikirabe.

Ndine mwana wanu woyamba.


2 Malichi

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Ndasangalala kumva kuti miyendo ya Mzime sikutupa. Ine ndili bwino. Mapepala anga okhalira kuno akutha mwezi wamawa, koma akapitawo akuti aona chochita.

Mukuti kusikelo wakanabe, ati amachita manyazi. Manyazi anapha lambe, Amayi. Koma chabwino, tamvani zimene ndakonza.

Kuhotela kuno, shiti ikangong'ambika pang'ono amaichotsa. Ndinapempha, anandipatsa zinayi. Ndazidula, ndapinda m'mphepete, ndaziwiritsa, ndazisita ndi simbi yaikulu ya kuntchito, kenako chilichonse ndachikulunga m'pepala lakelake ndi kulembapo nambala. Nambala wani ndi nsalu zoyala. Thuu ndi zopukutira mwana akangobadwa. Filii ndi zomufunditsa, pamodzi ndi kachipewa. Folo ndi matewera khumi ndi awiri. Musatsegule kuti muonetse anthu. Chotsegulidwa chadetsedwa.

Mnzanga wa m'chipinda chino, amene timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa satseka, anandipeza ndayala zonsezi pabedi. Akuti, "Iwe, ukudikira mwana kapena ukutsegula chipatala?" Ndinati chipatala. Akuti, "Ndiye undilembe ntchito, ine ndizikalipira odwala." Koma ndi yemweyo anandipatsa masokosi awiri a mwana.

Zimenezi zibwera m'katoni yoyamba pamodzi ndi sopo, thonje, tochi ndi mabatire. Katoni yachiwiri idzakhala ya zofunika zenizeni: malezala awiri osatsegula, ulusi womangira mchombo, magolovesi, ndi chipepala cha pulasitiki choyala pabedi. Magolovesi akwera mtengo, ndidikira malipiro.

Tsono ntchito yanu nayi. Chipepalacho amagulitsa choyeza, ndipo sindifuna chiperewere. M'kalatamu ndaikamo chingwe. Muyeze bedi limene Mzime amagonapo. Muyambire kumutu mpaka kumiyendo, mumange mfundo. Kuchokera pa mfundoyo muyeze m'lifupi, mumangenso mfundo. Musayerekeze ndi maso, muyeze ndithu.

Azamba mukawaone mwezi uno, osati matenda atayamba. Muwauze poyera kuti zikhadabo awenge, m'manja asambe ndi sopo mpaka m'zigongono. Akakwiya, muwauze kuti wanena ndine.

Bambo a ana akalankhule ndi bambo wa galimoto uja wa pafupi ndi chigayo, kuti mwezi wa Juni wonse asamagone kutali ndipo mafuta azikhalamo. Magazi akachuluka, kapena dzuwa likatuluka ndi kulowa mwana asanabadwe, palibe kukambirana, ndi kuchipatala basi. Mgolo wa madzi ukhale wodzaza, nkhuni zouma zikhale padera.

Za mwini mimba simunandiyankhe.

Ndine mwana wanu.


30 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Katoni yoyamba ndapereka lero kwa amayi ageni.

Chingwe chafika, koma chandizunguza mutu. Kabedi ka Mzime kamene kali m'nyumba mwanu ndimakadziwa, ndinagonapo ine ndisanakwatiwe. Munthu ukatembenuka umagunda khoma. Chingwe mwatumizachi ndi cha bedi la anthu awiri, ndipo m'litali chapitirira mabedi onse a kuhotela kuno ndi zikhatho ziwiri.

Bedi lotalika choncho ndikulidziwa limodzi. Mukukumbukira chifukwa chimene anthu amawatchulira bambo a ana kuti a Mlongoti. Titangokwatirana mapazi awo ankalendewera kunja, ndiye kalipentala anatipangira lathulathu, akuseka kuti matabwa ake akanakwana chitseko cha tchalitchi. Chaka chatha, pofuna kulisokera shiti, ndinawapempha bambo a ana andiyezere ndi chingwe. Chingwe chimenecho ndinasunga m'sutikesi, mukudziwa ine sinditaya kanthu. Dzulo ndinaziyala pansi zonse ziwiri. Mfundo zakumana ndendende.

Ndaganiza kuti mwina mawondo anakuvutani, munatuma bambo a ana, iwo osamvetsa n'kuyeza bedi lathu. Amuna ukawatuma mchere amabwera ndi shuga. Kapena mwaganiza kuti Mzime akachirire m'nyumba mwanga poti pansi pali simenti. Ngati ndi choncho, si maganizo oipa, koma mukanandifunsa. Nanga bambo a ana azigona kuti?

Chipepala sindinadulitse. Ndidikira mundiuze bedi lake ndi liti.

Wailesi anaona zingwezo pansi, anandifunsa, ndinamufotokozera. Anangotenga ndowa n'kupita kukatunga madzi, chonsecho madzi tinali nawo.

Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu.


20 Epulo

Amayi,

Moni ndikupereka chifukwa munandilera kuti kalata imayamba ndi moni. Za umoyo wanga musafunse.

Amayi ageni abwera Lachisanu opanda kalata yanu. Ndinakawachingamira kokwerera basi. Ndikulemberani zimene tinakambirana, mawu ake momwe analili, kuti musadzati ndinawonjezera.

Ndinati, "Katundu munafikitsa?"

Iwo akuti, "Ndinafikitsa, achemwali, m'manja mwa mwini wake. Amayi anu sindinawapeze, anapita kumaliro. Aneba ndiwo anandilozera kuti woyembekezerayo amakhala kwa amuna ake, nyumba ya mawindo obiriwira kuseri kwa chigayo."

Mawindo amenewo ndinapaka penti ndine, Amayi.

Ndinati, "Munawapeza amuna akewo?"

Akuti, "Ee, ali pakhonde, akukhoma kabedi ka mwana. Koma alamu anu aja ndi aatali bwanji! Ndinawauza kuti bambo, mwanayu akatengera inu, matewera a achemwaliwa akhala ngati mipango. Anaseka mpaka misomali kugwa pakamwa."

Anaseka.

Amayi ageniwo alibe mlandu. Zaka zonsezi amasiya katundu kwanu, kwanga anali asanafikeko. Anaona nkhope yanga, anandigwira mkono, akuti, "Ndalakwa kunena?" Ndinati ayi, mutu ukundipweteka. Ndinayenda wapansi mpaka kuchipinda, ndipo basi ya kuntchito inandidutsa ndikuiona.

Ndiye kuti aneba akudziwa. Bambo wa galimoto akudziwa. Azamba amene ndinati muwauze za zikhadabo ayenera kuti anaseka mpaka kugwira nthiti. Ana anga akhala akudzuka m'mawa uliwonse kuona mayi awo aang'ono akutuluka kuchipinda kwanga. Ine ndekha, amene ndimawerenga ngakhale mabatani a pa malaya, ndine ndinatsala, ndili kalikiliki kusita matewera.

Za mwamunayo sindinena zambiri. Mwamuna ndi mwana wa eni ake. Mzime ndi mwana, ngakhale mwana wake wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Koma inu? Munandilembera kuti ndi munthu wodziwika. Munagwira cholembera, munavala magalasi amene ndinakugulirani, n'kulemba zimenezo kwa ine.

Katoni yachiwiri ili pansi pa bedi langa. Malezala, ulusi, magolovesi, zonse zilimo. Amayi ageni anafunsa ngati pali chonyamula. Ndinati palibe.

Ndine yemwe uja.


11 Meyi

Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani, mumwe mankhwala mpaka atha, osasiyira pakati monga mumachitira.

Mukuti munaopa kuti ndikamva ndisiya ntchito, ana avutika. Zikomo posamala ntchito yanga. Mukutinso bola zachitikira m'banja momwemo kusiyana ndi kuti alowe mkazi wachilendo wozunza ana. Mawu amenewo ndawerengera Wailesi. Akuti, "Amayi ako ndi anzeru. Mbava ikakhala yapachibale, katundu sapita kutali." Ine sindinaseke.

Mukuti ndikhululuke. Sindinafike pamenepo, ndipo sindikudziwa ngati njira yake ndikuidziwa.

Koma kumapeto mwalemba kuti ngati katoni yachiwiri sibwera, ndisadandaule, mugwiritsa ntchito zomwe zilipo pakhomo. Amayi, zomwe zilipo pakhomo pamenepo ndikuzidziwa. Lezala lometera lija lili pawindo la kubafa, pa kambale kosweka, ndevu zili mbuu. Ndi dzanja lomwelo, ndi malo omwewo. Nditawerenga mzere umenewo ndinakhala pansi m'chipinda chositira, nthunzi ili tolotolo, mpaka akapitawo anandifunsa ngati ndadwala. Ndinkangoona kansagwada kaja.

Mwana wa Mzimeyo sanandilakwire. Sanasankhe bedi lobadwirapo.

Katoni ikubwera ndi kalata ino. Chipepala ndadulitsa pa muyeso wa chingwe chanu, ndawonjezera chikhatho chimodzi mbali zonse kuti mupindire pansi pa matiresi. Matiresi amenewo ndinagula ndine, koma si chifukwa chake.

Tamvetsani. Nambala faifi ndi magolovesi, mapeya anayi. Sikisi ndi ulusi, uli m'kabotolo kotseka. Ndauwiritsa, koma tsikulo muuwiritsenso pamodzi ndi lezala. Seveni ndi malezala awiri. Limodzi ndi logwiritsa ntchito, linalo ndi lodikira ngati loyamba lagwa pansi. Likagwa pansi musalitole. Azamba amange mchombo pawiri, adule pakati, ndipo asathamangire kudula. Pamchombo musapake kanthu kalikonse, kaya mafuta, kaya phulusa, kaya zimene anena azakhali. Pakhale pouma, thewera lizimangidwa m'munsi mwake. Mwana akangobadwa apukutidwe, agone pachifuwa pa mayi ake, afunditsidwe. Kusamba adikire mawa lake.

Chomaliza ndi ichi. Tsopano ndamvetsa chimene Mzime ankakanira kusikelo. Kumeneko amafunsa dzina la bambo, amalemba m'buku, amati abwere nawo. Ndiye munali okonzeka kuti mwana wanu achirire pakhomo, magazi atayike, bola ine ndisamve. Ndamva tsopano. Chobisa chatha. Mkamwini wanuyo avale malaya, amuperekeze kuchipatala, akatchule dzina lake mokweza. Katoniyi ikhale yongodikira ngati matenda awadzidzimutsa.

Musandilembere za iye. Mundilembere za miyendo ya Mzime, ngati ikutupa, ndi ngati mwana akugunda.

Mwana wanu woyamba.


15 Juni

Amayi,

Moni. Amayi ageni abwera kawiri opanda kalata. Akuti ulendo woyamba anakupatsani katoni m'manja, ulendo wachiwiri anapeza nyumba yanu yotseka, ndipo kuseri kwa chigayo safunanso kupitako.

Mwa kuwerenga kwanga masiku akwana sabata ino. Kodi anapita kuchipatala? Galimoto ilipo? Mabatire a tochi muwayese, nthawi zina amatha ali chikhalire.

Kuntchito ndapsereza pilo, koyamba m'zaka zitatu. Za mapepala anga zija sizinalongosoke, masiku ano ndimadzera njira yakuseri. Ndidzakuuzani bwino tsiku lina.

Ngati mwakwiya ndi kalata yanga, kwiyani, koma lembani mzere umodzi. Ali moyo kapena ayi.

Ine.


9 Julayi

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu yafika dzulo. Ndinaitsegulira pomwepo kokwerera basi. Ndathokoza Mulungu kuti Mzime wachira bwino ndipo mwana wamkazi ali moyo. Ine ndili bwino, manja ayamba kupola.

Mukuti kusikelo anapita kawiri, mkamwini wanu ali pambuyo ngati mbuzi yokokedwa, koma tsikulo matenda anafulumira, galimoto inafika mwana atalira kale. Mukuti azamba anatsegula mapepala motsata manambala, ndipo atafika pa seveni anati chiyambire ntchito yawo sanaone katundu wolongosoka chotere. Muwathokoze. Mukutinso mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chiwiri, pouma bwino. Ndawerenga pa kalendala, lero ali ndi masiku makumi awiri ndi atatu. Asanu ndi atatu aja adutsa. Nditaona zimenezo ndinalira, Wailesi akuti, "Ukulira chiyani, chipatala chako sichinaphe munthu." Mupite naye akabayitse katemera, musadikire kuti ndikumbutsenso.

Mwapempha kuti dzina ndipereke ine, poti ndine ndamupulumutsa. Ayi, Amayi. Dzina apereke amene anapereka mimba. Ine gawo langa linali katoni ziwiri, ndipo zafika.

Kalata ya Mzime imene munaika mkati mwa yanu sindinaitsegule. Sindinaitayenso. Ili m'sutikesi.

Za kutsogolo zili motere. Zofunika za ana anga kusukulu ndizitumiza kwa aphunzitsi aakulu, iwo azindilembera. Ana asamukire kwanu, kabedi kaja kakhala kopanda munthu nthawi yaitali. Mukawauze kuti sindinawakwiyire chifukwa chokhala chete, unali mtolo woposa msinkhu wawo. Makina anga osokera ndi mapoto awiri aakulu zichoke m'nyumba ija. Bedi likhale. Ndani wina angaligonere? Disembala sindibwera.

Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchitembenuza m'mutu ndikamasita. Mukanatha kuyeza kabedi kakang'ono ka m'nyumba mwanu. Kali pafupi, simukanayenda n'komwe. Ine ndikanadulitsa chipepala chachifupi, ndipo mwina mpaka lero ndikanakhala ndikufunsa za munthu wodziwika. Koma munayenda ndi mawondo anuwo mpaka kuseri kwa chigayo, munagwada m'chipinda changa, munayeza bedi loona. Sindikudziwa ngati munaopa kuti chipepala chiperewera, kapena munafuna kuti chingwe chinene zimene pakamwa panu panalephera. Musandiyankhe. Ndikadziwa, mwina ndikhululuka msanga, ndipo sindinakonzeke.

Zingwe zonse ziwiri ndaziika m'kalatamu. Kuno zilibe choyeza.

Ndine mwana wanu woyamba.

Ndinaiwala. Lezala logwiritsa ntchito lija mulitaye m'chimbudzi, ana angalitole. Lachiwiri losatsegula musamupatse mkamwini wanuyo kuti ametere ndevu. Mulisunge pouma, m'pepala lake lomwelo. Mmene ndikuonera pakhomo pamenepo, lidzafunikanso.